Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Choko chija

Paja gawo lapitali ndinasiyira poti dzina langa latuluka, ndalembedwa uphunzitsi ndili ndi satifiketi ya MSCE yokha basi. Munali mu 1994, a Bakili Muluzi atangolowa m'boma nkulengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, dziko lonse chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndiye boma linangotitola ife ongogwirizira, kutisula milungu iwiri ndi kanthu, kenako pitani mukaphunzitse. Maphunziro enieni a MIITEP aja, osula aphunzitsi amene ali kale pantchito, anabwera mochedwa, 1997 uko.

Ine anandiponya kusukulu ina yakumudzi ku Dedza, dzina sinditchula, nkundipatsa Sitandade 1 poti kalasi imene aliyense akuyithawa ndi imene amapatsa mlendo. Kalasi yakeyo pansi pa mtengo, bolodi yotsamiritsa pa thunthu, ana oposa 150, ena a zaka 6 ena oti atsala pang'ono kutha msinkhu, wina mpaka kubwera atabereka mng'ono wake kumbuyo. Makope anali nawo ochepa, a e i o u tinkalemba padothi ndi chala ine nkumazungulira kuchonga ndi kamtengo.

Choko ahedi ankagawa Lolemba, chowerenga, ukataya zako zimenezo mpaka sabata yamawa. Ndiye tsiku lina pobwera ku buleki ndikupeza pabolodi palibe choko. Ndafunsa watenga ndani, zii. Kenako kamnyamata kena kanaloza kamtsikana kokhala kutsogolo, koonda, ka diresi yong'ambika paphewa, kamene kankakonda kundifufutira bolodi ndi manja. Kuyang'ana manjawo ali mbuu. Kwa ine mlandu unathera pomwepo, ndinakagwaditsa padzuwa mpaka kuweruka, ndi mango awiri amene kanatenga ngati kamba ndinalanda. Sikanalire ayi, kankangoti "sindinatenge ine madamu" motsitsa mawu.

Madzulo ndili kunyumba ndikumasula chitenje kuti ndikasambe, choko chija gwaa pansi. Ndinali nditachimanga ndekha pamfundo limodzi ndi makobiri a sopo.

Abale nsima sinalowe tsiku limenelo. M'mawa ndinawanong'oneza amayi ena ophunzitsa Sitandade 4, anthu oti anayamba ntchito nthawi ya Kamuzu, iwo anangoseka nkuti "mwanawe, wamkulu sapepesa mwana, ukatero akukwera pamutu onsewo, ingomugulira switi ziphwe." Ndipo sindinawaone olakwa, inenso ndinakulira m'nyumba yoti bambo anga mawu oti pepa sindinawamvepo, akakumenya molakwika madzulo ankangokuikira nthuli yaikulu m'mbale, iwe uzidziwira wekha kuti nkhani yatha.

Koma switi ndinalibe naye ndalama, malipiro anali asanayambe nkomwe kubwera, komanso mwanayo ndinamuchititsa manyazi pagulu ndiye kukamupatsa kanthu kuseri zinkandivuta mumtima. Titatha kuimba nyimbo yam'mawa ndinaimirira kutsogolo, mawu akukanirira pakhosi ngati ndameza munga wa usipa, nkunena kuti ana inu choko chija chinali m'chitenje mwangamu, mnzanuyu sanabe, ndinalakwitsa ndine. Iwe, pepa.

Kalasi yonse chete. Kamtsikana kaja kanandiyang'ana kanthawi nkufunsa, "nanga mango anga aja madamu mwadya?"

Ana onse kugubuduka ndi phwete. Choipa nchoti limodzi ndinali nditadyadi pobwerera kunyumba dzulo lake lija, ndisanaone chokocho, ndipo ndinavomera pomwepo poti ukayamba kuulula umangomaliza. Mawa lake ndinabwera ndi anayi. Pa buleki ndikuona kali pamuzu wa mtengo kakusenda ndi mano, pambali pake kamnyamata konamizira kaja nako kali ndi lake, madzi akuyenderera mpaka m'zigongono, akukangana zoti ndani ali ndi koko yaikulu. Ine ndinkayembekeza kuti awiriwa sayang'anana mpaka teremu ithe.

Zokwera pamutu zija amayi aja sananame kwenikweni, chifukwa kuyambira pamenepo chikangosowa chilichonse, kaya dasitala kaya rejisitala, ana onse ankakuwa "madamu onani m'chitenje!" mpaka ahedi anadzafunsa kuti nyimbo yatsopanoyi njotani. Koma ndinaonanso kuti mwana akalemba b m'malo mwa d anasiya kubisa ndi phazi, ankangondikoka chitenje nkuti madamu ndalakwitsa apa.

Nthawi imeneyo nkuti ine ndi achemwali anga aakulu tatha chaka chathunthu osayankhulana, nkhani yake ya nsapato zimene ndinabwereka popita ku intavyu nkubweza zitang'ambika, ndipo ine ndinkaumirira kuti zinali zong'ambika kale. Sukulu itatsekera Khirisimasi ndinakwera basi ya ku Ntcheu nditanyamula nkhuku m'manja. Mmene anandilandirira kumeneko ndikuuzani gawo likubwerali.