Oyilo wa Hilux yanga atasanduka tiyi wamkaka

Dzulo ndi tsiku loyamba m'masabata atatu kufika ku Lilongwe ndi kachewere wa ku Lizulu osaima panjira kutsegula boneti. Ndati ndilembe mtima ukadali wowawa, kuti wina asataye ndalama mmene ndatayira ine.

Galimoto yanga ndi Hilux ya dizilo, injini ya 2KD, ija ya 2.5. Lolemba lina m'mawa ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo chomwe chinatuluka chinali ngati tiyi wochuluka mkaka, chitadutsanso mzere wapamwamba. Oyilo wa injini ya dizilo amada bii ngakhale mwamuthira dzana, ndiye kumuona wotuwa chonchi thupi linangoti zii. Kunsi kwa chivindikiro cha pothirira kunali phala loyera ngati majarini. M'rediyeta madzi anali atatsika. Pano ndiulule: kwa masabata awiri ndinkangowonjezera madzi n'kumanamizira dzuwa la Okutobala. Madzi a m'rediyeta sauma okha. Ngati pansi sipakudontha, ndiye kuti akulowa kwinakwake.

Chimodzi chokha chomwe ndinachita bwino n'chakuti sindinalize injini. Oyilo wosakanikirana ndi madzi satereranso, ndipo zoyamba kudyeka ndi ma bearing a crankshaft. Ikayamba kugogoda, nkhani yasintha. Ndinachita kukoketsa.

Tsono garaja yomwe ndinayamba kupitako. Mnyamata wake anangosuzumira, n'kupukuta chala pa ovololo, amvekere, "Bwana, iyi ndi gasiketi, palibe kufunsa." Ankanena gasiketi ya hedi, ija imatseka mpata pakati pa hedi, chivindikiro chachitsulo cha pamwamba pa injini, ndi block, thunthu la injiniyo. Sanayeze kalikonse. Inenso, poti ndinali ndi oda ya matumba yondidikira, ndinangoti tsegulani. Anachotsa hedi, akuti ikapalidwe kuti ikhale yosalala. Tsiku lomwe ndinakaperekeza hediyo sindidzaliiwala. Ndinafika 7 koloko, ndinauzidwa kuti wamakina wapita kumaliro. Atabwera cha m'ma 11 magetsi anali atazima. Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka 4 koloko, ndadya chimanga chootcha chokha, kenako akuti mubwere mawa. Mawa lake ntchito yake inatenga mphindi zosakwana 40. Kuphatikiza kupala, gasiketi, mabawuti atsopano a hedi ndi ya ntchito, ndinalipira ndalama yoti ndikanagula matayala awiri atsopano. Patangotha masiku anayi tiyi uja anabwerera. Nditabwerera kugarajako, yankho linali loti, "Ndiye kuti block inang'aluka, bwana, mungoitanitsa injini ina." Osachita n'komwe manyazi.

Musalole munthu kutsegula hedi asanayeze. Ndibwerezanso kutsogoloku.

Alamu anga ndi amene ananditengera kwa madala ena okonzera pansi pa mtengo wa mango. Iwo asanagwire sipanala anayamba ndi mafunso. Inkatentha? Ayi. Utsi woyera wosatha kumbuyo? Ayi. Anatsegula chivindikiro cha rediyeta injini ili yozizira, n'kuiliza kamphindi kochepa kuona ngati madzi akuchita thovu kapena kulavula. Anali phee. Anati, "Mwana wanga, gasiketi ikapsa kawirikawiri mpweya wa mu silinda umalowa m'madzi, payipi ya rediyeta imalimba ngati tayala. Apa sindikuona zimenezo."

Ndaiwala, zisanachitike izi anaisiya galimoto usiku wonse. M'mawa anamasula pang'ono chabe bawuti ya sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, ndipo choyamba kutuluka anali madzi enieni, pafupifupi kapu, oyilo n'kumabwera pambuyo. Madzi ndi olemera, amakhala pansi. Anadonthezanso oyilo pa chitsulo chomwe anachitenthetsa pa mbaula, ndipo anathetheka ngati mwaponya nsomba yonyowa m'mafuta. Oyilo wopanda madzi amangofuka. Izi mutha kuchita nokha kunyumba osalipira tambala. Ndipo mununkhize. Oyilo akamakwera pa kachitsulo koma ali wakuda, wopyapyala, akununkha dizilo, vuto lili ku ma injector (tizitsulo topopera dizilo mu injini) kapena pampu, madzi sakukhudzidwa. Komanso kaphala pang'ono pa chivindikiro chokha, kachitsulo kali bwinobwino ndipo madzi sakutsika, nthawi zambiri ndi chinyezi cha galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi. Musachite nako mantha.

Kenako anamangirira kapampu kokhala ndi geji pakamwa pa rediyeta, n'kupopa kufika cha pa 1 bar, sampu ili yotsegula. Muvi unayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo patapita kanthawi kunsi kunayamba dontho, dontho. Apo tinadziwa kuti madzi akudutsira mkati. Madala anapita molunjika pa oil cooler, choziziritsira oyilo, yomwe pa injini iyi ili m'mbali mwa block pafupi ndi fyuluta. Ndi timapaleti tachitsulo, oyilo amadutsa mkati, madzi kunja. Anaichotsa, anatseka bowo limodzi, kwinako n'kupopera mpweya, n'kuiviika mu ndowa. Tinthovu tinayamba kutuluka pakona. Kabowo kake kosaoneka n'komwe ndi maso.

Anandifotokozera kuti injini ikamalira, oyilo ndiye amakhala ndi mphamvu, amakankhira m'madzi. Mukazimitsa, mphamvu ya oyilo imathera pomwepo, koma madzi otentha amakhala akadali othinana, ndiye amalowa mu oyilo usiku wonse. Pamenepo ndinakumbukira kuti m'kabotolo ka madzi a rediyeta munkayandama timafuta, ndipo mnyamata wa kugaraja uja anaona timafutato, osanena kanthu. Ntchito ya ndowa imodzi ya madzi! Hedi yanga inapalidwa ilibe mlandu.

Wopalamula dzimbiri lomwe linaboola cooler ndine ndemwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthira madzi a pamjigo m'malo mwa coolant, madzi a mankhwala a m'rediyeta oteteza ku dzimbiri. Madala sananditukwane, anangondionetsa mkati mwa chivindikiro cha cooler mmene munafiirira.

China chomwe chinandipsetsa mtima: pomanga hedi, anyamata a kugaraja koyamba kuja anabwezeretsa mawashala akale a kopa a pansi pa ma injector. Pa injini izi amenewo akamadutsitsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo, umaundana n'kutseka sefa ya mu sampu, injini n'kufa ndi njala ya oyilo. Tinagula atsopano, n'kumasulanso.

Kutsuka ndiye kumadya ndalama mwakachetechete. Injini iyi imamwa pafupifupi malita 7. Tinathira oyilo wa 15W-40 wotsika mtengo ndi fyuluta yatsopano, kuliza mphindi 15 ili chiimire, kukhetsa akadali wotentha. Woyamba anatuluka wotuwabe. Tinabwereza ndi fyuluta ina. Kachitatu ndiye tinathira wabwino, ndipo madala anati ndikamusinthenso ndikayenda makilomita 500. Musaumire pa fyuluta, imasunga phala lija. Wina pamalopo anati titsukire parafini kuti zichepe mtengo, madala anangomuyang'ana mpaka anachoka yekha. Rediyeta nayo tinaitsuka kangapo mpaka madzi anayera, tinasintha payipi imodzi yomwe oyilo anaifewetsa, kenako coolant weniweni. Oyilo wakuthayo ndinamuika m'zigubu, sindinamutaye mu ngalande. Wina wamupempha kale kuti akapake mitengo ya khola kuopa chiswe.

Ndiye ndibwereze: asanatsegule hedi, auzeni apope rediyeta, ndipo ngati injini yanu ili ndi oil cooler, aiviike mu ndowa. Akakana, kokani galimoto yanu muzipita.

Loweruka ndinapita kugaraja koyamba kuja, cooler yobookayo ili m'jumbo. Ndinaiika pa tebulo n'kufunsa za ndalama yanga. Mnyamata uja anaitembenuza kawiri, amvekere, "Komabe gasiketi ija inali itatopa, bwana." Cooler ndinaisiya pomwepo.