Lisiti ya nkhosa 65 ndi zimene yandiphunzitsa pa mbiri ya Egypt

Pamene ndinayamba kuwerenga mbiri ya dziko la Egypt, lomwe ambiri tinalidziwira m'Baibulo monga Aigupto, ndinachita zomwe tinazolowera pokonzekera mayeso. Ndinatenga kope n'kulemba zaka kumanzere, mayina a olamulira kumanja. Mu 332 BC Alexander wa ku Macedonia analowa m'dzikomo, mu 30 BC Cleopatra anamwalira ndipo Aroma anatenga ulamuliro, mu 639 AD Amr ibn al-As anafika ndi asilikali achiarabu, mu 969 mafumu a Fatimid anayamba kumanga mzinda wa Cairo, mu 1171 Saladin anathetsa ufumu wawo, ndipo mu 1250 a Mamluk, asilikali amene poyamba anali akapolo, anakhala pampando mpaka 1517. Tsamba linadzaza bwinobwino, ndipo munthu akanandifunsa zakazo ndikanamuyankha osaphethira. Vuto linali lakuti ndandandawo unandipatsa chithunzi cholakwika, ngati kuti mlimi wa m'mphepete mwa Nile ankagona ali Mgiriki n'kudzuka ali Mroma, kenako m'mawa wina n'kuyamba kupereka moni m'Chiarabu.

Chimene chinandichotsa m'maganizo amenewo ndi kapepala kakang'ono ka gumbwa komwe kakusungidwa mumzinda wa Vienna. Kanalembedwa mu 643, patangopita nthawi yochepa Aarabu atalanda dzikolo, ndipo ndi lisiti chabe. Mkulu wina wa asilikali achiarabu akuvomereza kuti walandira nkhosa 65 kuchokera kwa akuluakulu a boma la Herakleopolis zoti asilikali ake adye, ndipo kuseri kwake kunalembedwa kuti nkhosazo ziwerengeredwe pa msonkho wa chaka chimenecho. Nkhani yomweyo inalembedwa kawiri, m'Chigiriki ndi m'Chiarabu, ndipo mbali ya Chiarabu ili ndi chaka cha 22 pa kawerengedwe ka Asilamu, zomwe zikuchititsa kuti kapepalaka kakhale m'gulu la zolembedwa zakale kwambiri za Chiarabu zokhala ndi deti. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuganizira funso limodzi: munthu amene wangogonjetsa dziko, mikondo ili m'manja, amavutikiranji kupereka lisiti ya nkhosa, ndiponso m'chiyankhulo cha anthu amene wawagonjetsa? Yankho lake n'lakuti wogonjetsa amabwera ndi asilikali koma sabwera ndi alembi odziwa malire a minda, kuchuluka kwa tirigu amene mudzi uliwonse umakolola, ndi mayina a amene ali ndi ngongole ya msonkho. Alembi amenewo anawapeza pomwepo, ndipo ankagwira ntchito m'Chigiriki.

Kuchokera pamenepo ndinabwerera m'mbuyo n'kuwerenganso zonse ndi funso latsopano, lakuti boma linkalemba m'chiyankhulo chanji ndipo anthu ankayankhula chiti. Mafumu a banja la Ptolemy, amene analamulira pafupifupi zaka 300 ali ku Alexandria, anali Agiriki m'chiyankhulo ndi m'makhalidwe, ngakhale kuti pa makoma a akachisi ankajambulidwa atavala ngati Farao. Mwala wotchuka wa Rosetta, wa mu 196 BC, uli ndi lamulo limodzi lolembedwa m'njira zitatu, m'zilembo zopatulika za ansembe, m'zilembo za masiku onse za Aiguputo, ndiponso m'Chigiriki. Wolemba mbiri Plutarch ananena kuti mafumu amene analamulira dzikolo Cleopatra asanalowe ufumu sanadzivute n'kuphunzira chiyankhulo cha anthu awo, pomwe iye ankayankhula ziyankhulo zambiri popanda womasulira. Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti Aroma atabwera sanachotse Chigiriki m'maofesi. Chilatini, chiyankhulo cha Aromawo, chinali cha asilikali ndi nkhani zina za malamulo, koma msonkho, kalembera wa anthu amene ankachitika pa zaka 14 zilizonse, ndi madandaulo opita kwa bwanamkubwa zinapitirira m'Chigiriki. Chimene Aroma ankafuna chinali tirigu wodyetsa mzinda wa Rome, ndipo mfumu Augustus anaika dzikolo m'manja mwake kotero kuti ngakhale nduna za nyumba ya malamulo ya ku Rome sizinkaloledwa kupondako popanda chilolezo chake. Tikawerengera kuyambira kwa Alexander mpaka zaka za m'ma 700 AD, Chigiriki chinakhala chiyankhulo cha boma kwa zaka pafupifupi 1,000 m'dziko limene anthu ambiri a kumudzi ankayankhula china.

Zambiri mwa izi tikuzidziwa chifukwa cha dzala. Ku Oxyrhynchus, kumwera kwa Cairo, akatswiri awiri a ku Oxford, Bernard Grenfell ndi Arthur Hunt, anayamba kufukula milu ya zinyalala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo poti kumeneko mvula siigwa kawirikawiri, anapeza mapepala a gumbwa osawerengeka ali osawola. Munali malisiti, makalata a pachibale, mapangano a ngongole ndi zidutswa za Mauthenga Abwino. Ndimaona kuti zimene anthuwo anataya zikunena zoona kuposa zimene mafumu awo anazokota pamiyala, chifukwa palibe amene amadzikometsera polemba lisiti.

Nanga chiyankhulo cha eni dziko chinapita kuti? Zilembo zakale zopatulika zinalembedwa komaliza pa kachisi wa pachilumba cha Philae mu 394 AD, koma chiyankhulocho sichinafe nazo. Anthu anayamba kuchilemba ndi zilembo za Chigiriki, n'kuwonjezerapo zilembo zochepa za makolo awo zoimira maliwu amene Chigiriki chinalibe, ndipo kalembedwe kameneka ndi kamene timakatcha Chikoputiki. Chinakula pamodzi ndi Chikhristu, makamaka m'nyumba za amonke monga ya mkulu wa amonke Shenoute pafupi ndi Sohag, ndipo mpingo wa ku Egypt utapatukana ndi wa ku Constantinople pambuyo pa msonkhano wa ku Chalcedon mu 451, Chikoputiki chinakhala chiyankhulo cha mpingo wa eni dziko. Aarabu atafika sichinazilale nthawi yomweyo, ndipo m'zaka za m'ma 700 anthu a m'mudzi wa Jeme, pafupi ndi Luxor, anali akulembabe mapangano a nyumba ndi a chuma cha masiye m'chiyankhulo chimenechi.

Cha m'ma 706 bwanamkubwa analamula kuti mabuku a boma azilembedwa m'Chiarabu, ndipo mu kope langa ndinali nditalemba chaka chimenechi ngati tsiku limene Chigiriki chinatha. Koma bwanamkubwa wotsatira, Qurra ibn Sharik, amene anayamba ntchito mu 709, ankatumizabe makalata m'Chigiriki ndi m'Chiarabu kwa mkulu wa boma la Aphrodito dzina lake Basileios, ambiri mwa iwo omukalipira kuti msonkho wachedwa. Lamulo linatuluka tsiku limodzi, koma maofesi anatenga mibadwo kuti alitsatire. Pang'ono ndi pang'ono, banja lachikhristu lofuna kuti mwana wake adzapeze ntchito ya ulembi linayenera kumuphunzitsa Chiarabu, ndipo pofika zaka za m'ma 900 bishopu wina, Severus ibn al-Muqaffa, anali akulembera Akhristu anzake mabuku a chikhulupiriro m'Chiarabu. Mkulu wa mpingo Gabriel II, amene anatsogolera kuyambira 1131 mpaka 1145, analangiza kuti mapemphero ndi Malemba zizimveketsedwa kwa anthu m'Chiarabu, chifukwa ambiri sankamvanso Chikoputiki. Apa n'kuti patapita zaka pafupifupi 500 chilembedwere lisiti ya nkhosa ija. Ife amene timadzaza mafomu m'Chingerezi n'kubwerera kunyumba kukacheza m'Chichewa sitingawerenge nkhani imeneyi ngati ya kutali kwenikweni.

Sindikufuna kunena kuti zonse zinayenda mwamtendere, chifukwa kutero kungakhale kunamiza owerenga. Amene sanali Asilamu ankapereka msonkho wapadera wa pamutu, ndipo kulemera kwa misonkho kunabutsa zipolowe kangapo, mpaka mu 832 khalifa al-Ma'mun, wolamulira wamkulu wa ufumu wa Asilamu, anabwera yekha kudzathetsa kuwukira kwa anthu a m'madambo a kumpoto. Khalifa al-Hakim anagwetsa matchalitchi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1000, ndipo m'nthawi ya a Mamluk, makamaka m'zaka za m'ma 1300, Akhristu ambiri analowa Chisilamu chifukwa cha chitsenderezo. Komabe kusintha kwa chipembedzo ndi kusintha kwa chiyankhulo sikunayendere limodzi, pakuti Akhristu amene anakana kusiya mpingo wawo anasiya chiyankhulo cha makolo awo, ndipo lero Chikoputiki chimamveka m'mapemphero a m'tchalitchi mokha.

Chinthu chimodzi chimene olamulira onsewa anagonjera ndi mtsinje. Pa chilumba cha Roda ku Cairo pali chitsime choyezera madzi a Nile chomwe chinamangidwa mu 861, chokhala ndi mzati wodulidwa mizere pakati pake, ndipo madzi akafika pa mikono 16 boma linkadziwa kuti chaka chimenecho kukhala zokolola ndiponso msonkho. Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi ndipo imasuntha chaka ndi chaka, choncho sikanathandiza kudziwa nthawi ya kusefukira kwa madzi, yofesa kapena yokolola. Alembi a boma ndi alimi anapitiriza kugwiritsa ntchito miyezi yakale ya Chikoputiki. Madzi analeka kusefukira m'minda damu lalikulu la Aswan litamangidwa, lomwe linamalizidwa mu 1970, koma alimi a ku Egypt, Asilamu ndi Akhristu omwe, amatchulabe mwezi wa Tuba akamanena za kuzizira ndi mwezi wa Amshir akamanena za mphepo. Mwezi woyamba, Tut, uli ndi dzina la Thoth, mulungu amene Aiguputo akale ankati ndiye mwini wa zolemba ndi kuwerengera.