Automatic ikamanjenjemera pa maloboti musathamangire giyabokosi

Mwezi uno ku galaja komwe ndikuphunzira umakaniko takhala tili pa nkhani ya idle, kuzungulira kwa injini galimoto itaima osaponda moto, ndipo chomwe chikundipweteka ndichoti anthu ambiri amabwera atagamula kale kuti giyabokosi yafa, poti galimoto imanjenjemera akaika pa D ataponda buleki koma akabweza pa N kapena P imakhala bwinobwino. Zomveka ndithu, koma nthawi zambiri vuto silikhala kumeneko ndipo munthu amataya ndalama zankhaninkhani pachabe.

Abwana athu anatilongosolera kuti pa D torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi ya automatic, imayamba kukoka injini olo galimoto itaima, ndiye injini yomwe inali yofooka kale, mwina pulagi imodzi yatopa kapena koyilo sikupereka moto bwino, imaululika pomwepo. Injini ikatentha mokwanira, pa idle imayenera kumazungulira cha pa 600 mpaka 800 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi), ndiye choyamba muziyang'ana singano ya rpm. Ikamakwera nkumatsika yokha ganizirani za mpweya, throttle body (khomo lolowetsa mpweya mu injini) yadzadza kaboni, paipi ya vacuum yang'ambika ikulowetsa mpweya woti MAF sensa (yoyeza mpweya wolowa mu injini) sinauwerenge, kapena sensayo ili fumbi lokhalokha, nanga ndi misewu yathuyi fyuluta ingalimbe mpaka liti. Mukalumikiza mashini a OBD2, owerenga makodi a zovuta pa kompyuta ya galimoto, nkuona P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0300 ndi misfire, kutanthauza kuti masilinda sakuwotcha bwino mafuta, P0302 ikuloza silinda yachiwiri, apa mungosinthanitsa koyilo yake ndi ya silinda ina muone ngati vuto lisamuke nayo. Njira imeneyi ndaikonda heavy chifukwa simugula kanthu musanatsimikize.

Koma singano ikangoti phee pomwe chiwongolero ndi mpando zikugwedezeka, nthawi zambiri amenewo ndi ma mounting, ma raba ogwira injini, atha. Pa Vitz ya 1KR-FE ndiye zimamveka kwambiri, ili ndi masilinda 3 okha ndiye imagwedezeka mwachibadwa, raba ikangouma chilichonse mumachimva mkati.

Inde torque converter nayo imalakwa, lock-up, kilatchi ya mkati mwake, ikakanirira galimoto imazima mukamaima ngati manual yoti simunaponde kilatchi, koma sizichitika kawirikawiri. Chomwe ndikulimbana nacho pano ndi ma Nissan, mukatsuka throttle body kompyuta imafuna idle relearn, kutanthauza kuiphunzitsanso idle yoyenera, mukapanda kutero idle imakwera ndipo kasitomala amabwerera atakwiya kuti mwaononga galimoto yake.