Kachigamba koyera mkati mwa tsaya

Patha zaka ziwiri chindichitireni opaleshoni ya khansa ya lilime, ndipo mumtima ndinkati nkhaniyo inatha. Koma mwezi wathawu, ndikutsuka mano m'mawa, ndinaona kachigamba koyera mkati mwa tsaya lakumanzere, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Ndinakapukuta ndi kansalu, osachoka. Sikankapweteka n'komwe. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, musadikire, pitani mawa lomwe."

Ku Queens adokotala anaunika ndi tochi, n'kundigwiragwira m'khosi, kenako anadula kanyama kakang'ono kukapima. Zotsatira zinati si khansa ayi, koma maselo ayamba kusintha, ndipo zigamba zina zotere zimadzasanduka khansa. Dzina la kachigambaka akuti leukoplakia. Anandichenjezanso kuti chigamba chofiira n'choopsa kuposa choyera.

Kudikira tsiku lokaonananso nawo ndiye kukundisowetsa tulo. Fodya ndinasiya kalekale, mowa ndinatsanzikana nawo, ngakhale tsabola wa kambuzi sindimulawanso, amandiwotcha. Lamlungu lililonse ndimaima ndi kagalasi pazenera, n'kukweza lilime, kuyang'ana pansi ndi m'mbali monsemo.

Mlamu wanga ali ndi chilonda mkamwa, chapitirira milungu iwiri osapola. Lachiwiri ndikupita naye ndekha.