Lachinayi ndinakana kunena kuti "mfiti"

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindichulutsa. Mafilimu atatu a karate, imodzi ya nkhondo, ndi zigawo zisanu za sewero la ku Philippines lija amayi a mumsika safuna kuti lichedwe. Anzanga otanthauzira mafilimu ntchitoyi mukuidziwa: kuonera kamodzi, kulemba mayina papepala, kutsitsa mawu a eni filimu, kulowetsa ako. Magetsi anazima kawiri, jenereta ilipo koma mafuta mulibe, maikolofoni ikadali yomanga ndi selotepi chiyambire Juni. Zaka 9 ndili pampando umenewu, ndipo zimenezi sizindidabwitsanso.

Chandilembetsa ndi Lachitatu usiku.

Bwana anafika ndi fulashi cha m'ma 5 koloko madzulo. Akuti iyi ndi ya ziwanda, a mavidiyo sho a ku Ndirande ndi ku Bangwe akuifuna mawa lomwe. Nditatsegula ndinapeza alendo anayi a ku America, abwereka galimoto ku Dublin, akulowera kumadzulo kwa Ireland kukaona malo. Mvula, timisewu topanikiza, mipanda ya miyala, nkhosa mbwee. Ma subtitle, mawu aja olembedwa m'munsi mwa sikirini, mulibe. Amene munakumanapo ndi Chingelezi cha madala a kumudzi ku Ireland mukudziwa mmene khutu limatopera. Malo ena ndinabweza kasanu kuti ndimve chimene mkulu wa pa bala ankawachenjeza alendowo. Ankati mukaona chipeso pansi musatole. Mtsikana mmodzi anatola, ndipo chinthu china chinayamba kuwasaka.

Ndinapempha bandulo kuti ndifufuze chinthu chikuwasakacho. Yankho linali lakuti intaneti ya pano ndi yokopera mafilimu, si ya sukulu. Ndinagula ndi ndalama yanga ya minibasi.

Chinthucho amachitcha banshee. M'chilankhulo cha eni dziko ndi bean sí, mkazi wochokera ku zitunda kumene amati kumakhala mizimu. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti m'nthano zawo mayiyu sapha munthu. Amangobwera usiku kudzalira pafupi ndi nyumba pamene wina wa m'banjamo watsala pang'ono kutsikira kulichete, ndipo amatsata mabanja akalekale, aja mayina awo amayamba ndi O' kapena Mac. Polira amakhala akupesa tsitsi lake lalitali, ndiye nkhani ya chipeso ija. Kulira kwakeko kunachokera ku mwambo weniweni wotchedwa caoineadh, pamene amayi odziwa kulira ankatsogolera maliro, kutchula womwalirayo ndi makolo ake. Akuluakulu a mpingo wa Katolika ankauletsa mwambowu, mpaka unazilala m'zaka za m'ma 1900. Opanga filimu anamuwonjezera mano ndi zikhadabo kuti malonda ayende, koma kulirako anakusiya mmene kulili.

Magetsi anabwera 1 koloko usiku. Ndinali ndekha mu situdiyo, mahedifoni kumutu. Alendo aja galimoto yawafera pafupi ndi kamtengo kaminga kali kokhakokha pakati pa munda. Kenaka kulira kunayamba, pansipansi ngati munthu akung'ung'udza, n'kukwera, n'kuduka ngati mpweya wamuthera, n'kuyambiranso. Thupi lonse linachita tsemwe. Mayi anga tinawaika ku Thyolo mu Febuluwale, ndipo kulira kumeneku n'komwe azakhali anayamba nako m'bandakucha m'nyumba ya siwa, atatsamira khoma, chitenje chili kumutu. Ndinavula mahedifoni, ndinatuluka panja, ndinakhala pa sitepe mpaka tambala woyamba.

Nditabwerera ndinadziwa chochita. Pamalo pamenepo sindinatsitse mawu a filimu. Ndinakhala chete masekondi 40, kenaka ndinanena motsitsa kuti, "Uyu ndi mayi wolira maliro. Wabwera kudzalira munthu amene akadali moyo." Pa zaka zonsezi sindikumbuka mzere wina umene ndinaunyadira chotere.

Lachinayi m'mawa bwana anamvetsera, nkhope n'kusintha.

"Achimwene, apa maikolofoni inafa?"

"Ayi bwana, ndasiya dala."

"Anthu amalipira kuti amve inuyo, osati kulira kwa azungu. Nenani kuti ndi mfiti. Muikepo nthabwala, muziti gogo wakwiya, akufuna chipeso chake."

Nthabwala sindizikana, ndi zimene zimatidyetsa. Wa karate akagwa m'matope ndimamupatsa mawu mpaka holo yonse kugwa nacho chiseko. Koma apa ndinati ayi. Ndinawauza kuti eni ake zinthuzi sazitenga mwachibwana, moti mu 1999 ku Latoon, ku County Clare, katswiri wa nthano Eddie Lenihan anachenjeza omanga msewu waukulu za kamtengo ka mizimu konga kameneka, ndipo kamtengoko sikanadulidwe. Bwana anati za ku Ulaya zisatichedwetse.

Ndiye ndinanena chenicheni chimene chinkandiwawa. Pa sikirini pali mayi wokalamba, wa imvi, wamakwinya, akulira. Mu vidiyo sho mumadzaza ana a zaka 8, 10, 12, atakhala pa mabenchi. Ine ndi pakamwa pangapa ndiwauze kuti nkhope yotereyi dzina lake ndi mfiti? M'dziko lomwe lino, mu 2016 ku Neno, agogo anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawanamizira ufiti chifukwa cha mphenzi. Mawu amenewa kuno amapha. Ife timalankhula m'makutu mwa ana ambiri kuposa mphunzitsi aliyense, koma palibe bwana amene anakhalapo nafe pansi n'kufunsa kuti kodi tikuwauza chiyani. Chawo ndi kuwerenga mafulashi atuluka.

Sanandiyankhe. Anaitana mnyamata amene wangotha miyezi itatu pantchito, n'kumupatsa mpando wanga. Iyeyo sindimuda, ali ndi lendi yoti alipire, ndipo anandiyang'ana mwamanyazi asanavale mahedifoni. Pofika 11 koloko filimu inali itatuluka. Ndalama ya usiku wonse uja sindinalandire, akuti ntchito sinathe. Ya bandulo ndiye musafunse.

Lachisanu ndinatanthauzira mafilimu awiri a ku Nigeria ndi imodzi ya apolisi, pakamwa pokha, mtima uli kwina. Magetsi anazimanso masana.

Loweruka popita kunyumba ndinadutsa pa vidiyo sho ina. Sipika ili panja monga mwa masiku onse, ndipo ndinamva kulira kuja kwaphimbidwa ndi mawu a mnyamata uja, holo yonse ili m'phwete. Filimu itatha ana anatuluka akuthamangitsana, akukuwa kuti, "Mfiti! Bweza chipeso!" Pakhomo pomwepo panali gogo wina amene amagulitsa mtedza wokazinga, duku lake litasuntha, imvi zikuonekera. Anakokera lichero lake pafupi kuti ana asalipunthe.