Kabokosi ka pashelefu ya a malume

A malume ali ndi kashopu ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, pafupi ndi pokwerera mabasi, komwe amasindikiza zikalata ndi kugulitsa mavocha a WiFi kwa anthu odikira ulendo. Pamwamba pa shelefu pali kabokosi koyera kogawa intaneti, kotchedwa rauta, kamene kakhala pamenepo zaka zambiri, kakuphethiraphethira timagetsi tobiriwira usana ndi usiku. Amene anadzakaika adasamuka kalekale, ndipo nambala yake ya foni sigwiranso. Mwezi wa Juni makasitomala atayamba kudandaula kuti intaneti ikukwawa, a malume adandiitana.

"Mphwanga, paja iwe ukuphunzira zamakompyuta. Takayang'ana kanthu aka, anthu andithawa."

"Ndikayang'ana malume, koma ndiloleni ndiyambe ndakawerenga kaye. Sindikufuna kukuwonongerani malonda."

Nthawi imeneyo ndinali nditatha milungu itatu yokha ndikukonzekera mayeso a MTCNA, amene ndi satifiketi yoyambira ya MikroTik, kampani imene idapanga kabokosiko. Timawerenga atatu madzulo tikaweruka, tonse adzukulu a anthu amene adachoka ku Malawi kudzafuna ntchito kuno, ndipo tikakanirira pa mutu wovuta timafotokozerana m'Chichewa, Chishona chikumalowerera. Ine ndinkaganiza kuti ndikuphunzira kulumikiza mawaya ndi kugawa maadiresi. Mbiri ya kampaniyo sinkandikhudza n'komwe mpaka pamene kabokosi ka a malume kadandikakamiza kuiwerenga.

MikroTik idayamba mu 1996 mumzinda wa Riga, likulu la dziko la Latvia, ndipo adaiyambitsa ndi John Tully ndi Arnis Riekstiņš. Poyamba sinkapanga mabokosi. Mu 1997 idatulutsa pulogalamu yotchedwa RouterOS, yomangidwa pa pulogalamu ina yoyendetsa makompyuta yotchedwa Linux, imene munthu ankaiika pa kompyuta wamba, kompyutayo n'kusanduka rauta. Zipangizo zawozawo, zotchedwa RouterBOARD, zidabwera mu 2002. Nditadziwa zimenezi ndidamvetsa chinthu chimene chinkandidabwitsa m'kalasi: kabokosi kotsika mtengo ngati hAP lite kali ndi pulogalamu yomweyo imene ili m'marauta akuluakulu a CCR amene makampani ogulitsa intaneti amagwiritsa ntchito. Mtima wa kampaniyi ndi pulogalamuyo, mabokosi ndi zotengera chabe. N'chifukwa chake munthu wa ndalama zochepa amatha kugula kachipangizo kamodzi n'kukhala ndi firewall (mpanda wotchinga olowa osaloledwa), hotspot yogulitsira mavocha, VPN (njira yobisika yolumikizirana pa intaneti) ndi njira yogawira liwiro la intaneti kwa munthu aliyense. Kwezani maso mukamadutsa m'makomboni a Harare, muona timbale ta MikroTik totchedwa SXT ndi LHG pamadenga ndi pamitengo yachitsulo, tikuponyerana intaneti kuchokera nyumba ina kupita ina.

Ine ndimaikonda kampaniyi pa chifukwa chimenechi, ndipo sindibisa. Idatsegulira anthu ngati ife ntchito imene kale inali ya okhawo okwanitsa kugula zipangizo zodula. Ngakhale pophunzira, pali mtundu wa RouterOS wotchedwa CHR umene umayenda m'kati mwa laputopu popanda kugula bokosi, ndipo waulerewo amangouchepetsera liwiro kufika pa 1 Mbps. Ndi umene ndakhala ndikuyeserera usiku uliwonse magetsi akakhalapo.

Koma mphamvu zonsezi zimabwera ndi makomo ambiri, ndipo khomo lililonse limafuna wolitseka. Kwa zaka zambiri rauta yatsopano inkabwera ndi dzina lolowera lakuti admin, malo a pasiwedi ali opanda kanthu. Ukalemba adiresi ya rautayo, 192.168.88.1, walowa. Oika marauta ambiri amaiyendetsa ndi kapulogalamu kotchedwa Winbox, kamene kamalankhula ndi rauta kudzera pa khomo lotchedwa port 8291, ndipo pofuna kuti azitha kukonza ali kunyumba, amasiya khomo limeneli lotsegukira dziko lonse.

Chaka chimene ndidakhalitsa pochiwerenga ndi 2018. Mu Malichi chaka chimenecho akatswiri a kampani yoteteza makompyuta ya Kaspersky adaulula gulu la akazitape apakompyuta limene adalitcha Slingshot. Gululi linkalowa mu rauta n'kubisamo fayilo yoipa, ndipo woyang'anira netiweki akatsegula Winbox, fayiloyo inkatsikira pa kompyuta yake. Ambiri mwa okhudzidwa anali a ku Kenya ndi ku Yemen, ena a ku Tanzania ndi ku Congo. Apa ndidaima kaye, chifukwa ndinkangoganiza kuti nkhani zotere zimachitikira mabanki a ku Ulaya, osati anzathu a kuno ku Africa amene amagwira ntchito yomwe ine ndikuphunzira.

Mwezi wotsatira, mu Epulo, padapezeka bowo lalikulu mu Winbox, limene lidapatsidwa nambala yakuti CVE-2018-14847. Munthu wopanda pasiwedi ankatha kupempha rauta kuti imupatse fayilo iliyonse, kuphatikizapo imene imasunga mayina ndi mapasiwedi a olowa, ndipo mapasiwediwo ankasungidwa m'njira yosavuta kumasula. Kampaniyo idatseka bowolo m'mwezi womwewo ndi RouterOS 6.42.1. Komabe pofika Ogasiti, marauta oposa 170,000, ambiri a ku Brazil, anali atalowedwa kale n'kuikidwa kapulogalamu ka Coinhive, kamene kankagwiritsa ntchito makompyuta a anthu ongowerenga masamba a pa intaneti kukumbira akuba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero. Mankhwala analipo kwa miyezi yoposa itatu, aulere, koma marautawo anali pamashelefu ndi pamadenga opanda wowamwetsa.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi zimene zidachitika patapita zaka zitatu. Mu 2021 kudabuka gulu la zipangizo zobedwa lotchedwa Mēris, mawu a Chilativiya otanthauza mliri. Lidathira Cloudflare, kampani yoteteza masamba a pa intaneti, mapempho 17.2 miliyoni pa sekondi imodzi, kenaka kampani ya intaneti ya Yandex ya ku Russia mapempho 21.8 miliyoni pa sekondi, cholinga chili chakuti makompyuta awo alemedwe n'kugwa. Zipangizo zambiri m'gululi zinali za MikroTik. Kampaniyo idafotokoza kuti anali marauta omwe aja adalowedwa mu 2018. Ena mwa iwo eni ake anali ataikamo kale pulogalamu yatsopano, koma sadasinthe pasiwedi, ndiye wakuba amene adaitenga kale ankangolowa ngati mwini nyumba. Ndidawerenga ndime imeneyi katatu. Kwathu kuno munthu akabedwa makiyi sakhutira ndi kukonza zenera limene mbala idalowera, amasinthanso loko. Zimenezi aliyense wa ku Mbare amazidziwa pa chitseko cha nyumba yake, koma pa rauta sitiziganiza, chifukwa wakubayo sasiya mapazi ndipo satenga chilichonse chooneka. Amangobwereka intaneti yako kukamenyera anthu ena kutali.

Pa nkhani ya amene ali wolakwa tidatsutsana ndithu m'gulu mwathu. Mnzanga wina adati mlandu wonse ndi wa kampani, chifukwa kugulitsa chipangizo chopanda pasiwedi kwa anthu osaphunzira za netiweki n'kuwatchera msampha. Mbali ina ndikugwirizana naye: pasiwedi yopanda kanthu idakhalitsa mopitirira muyeso, ndipo kasungidwe kofooka ka mapasiwedi sikanali koyenera. Zinthu zidasintha pambuyo pake, moti zipangizo zatsopano zambiri zimabwera ndi pasiwedi yakeyake yolembedwa pa kapepala komata. Koma sindingathe kuiwala kuti kampaniyo idakonza bowolo mwachangu ndipo imapereka RouterOS yatsopano kwaulere ngakhale ku zipangizo zakale ndithu. Chimene chimasowa ndi munthu wobwerera. Ntchito yathu kuno imalipidwa tsiku loika basi. Woika amakwera padenga, intaneti yayaka, walandira zake, wapita. Palibe amene amamulipira kuti abwerenso chaka chamawa, ndipo mwini shopu sadziwa n'komwe kuti m'kabokosimo muli pulogalamu imene imakalamba.

Loweruka lina m'mawa, makasitomala asanachuluke, ndidalumikiza laputopu ku kabokosi ka a malume. Pasiwedi inali pa kapepala kofiirira m'dirowa, mawu afupi osavuta kulota. RouterOS inali yakale kuposa 6.42.1, ndipo Winbox inali yotsegukira kunja. Ndidatsegula gawo la IP Socks, njira yolola anthu ena kudutsa mu rauta popita pa intaneti, n'kupeza ili yoyatsidwa, chinthu chimene shopu yogulitsa mavocha sichifuna. Mu System Scheduler munali lamulo limene linkauza rauta kuti pakapita kanthawi izikatenga fayilo ku adiresi yachilendo. Manja adandizizira. Zonse zimene ndinkawerenga za Brazil ndi Russia zinali pamaso panga, pashelefu yomwe a malume amasungira mapepala osindikizira.

"Ndiye kuti andibera ndalama?" adafunsa a malume.

"Ayi malume, ndalama zanu sadazikhudze. Koma pali anthu amene akhala akudutsa m'nyumba mwanu usiku inu osadziwa."

Adakhala chete, kenaka adati, "Atulutse."

Sindidayese kufufuta zoipazo chimodzichimodzi, poti sungatsimikize kuti waona zonse. Ndidalemba m'kope makonzedwe a hotspot ndi mitengo ya mavocha, ndidaikamo RouterOS yatsopano kudzera pa Netinstall, imene imapukuta chilichonse, n'kuyamba kumanga kuchokera pansi. Dzina la admin ndidalichotsa, ndidapanga lina ndi pasiwedi yaitali. Telnet, FTP ndi makomo ena osagwiritsidwa ntchito ndidawatseka, Winbox ndidaiuza kuti izilandira laputopu ya m'shopu yokha. Polemba malamulo a firewall ndidayatsa Safe Mode, imene imabweza zonse mmene zinalili ngati wadzitsekera kunja, ndipo idandipulumutsa kamodzi pamene ndidaika lamulo lokaniza pamwamba pa lololeza. Mu firewall malamulo amawerengedwa kuyambira pamwamba kutsika, loyamba kugwirizana ndi limene limagwira ntchito. M'buku ndidaziwerenga kangapo, koma ndidazimvetsa tsiku limenelo.

Kukwawa kwa intaneti kumene makasitomala ankadandaula kunali ndi gwero linanso losavuta: mavocha analibe malire a liwiro, ndiye munthu mmodzi wotsitsa mafilimu ankamaliza msewu wonse. Ndidaika malire pa vocha iliyonse ndipo madandaulo adachepa sabata yomweyo. Chimenechi ndicho a malume adachiona n'kuchiyamikira. Zinazo sizioneka ndi maso.

Pakhoma pafupi ndi shelefu ndamata pepala lolembapo tsiku, nambala ya RouterOS imene ilimo, ndi tsiku limene ndidzabwerenso kudzayang'ana. Ndidawapempha kuti asalichotse ngakhale ine nditapeza ntchito kutali, kuti wobwera pambuyo panga adzadziwe poyambira. Mayeso a MTCNA ndikulemba mwezi wamawa, ndipo mutu wa routing ukadandivutabe, makamaka kusankha njira pamene ziwiri zikupita kumalo amodzi. Koma Loweruka likubwerali sindiwerenga. A malume adauza mnzawo wa ku Highfield, dera lina la Harare, amene timapemphera naye, ndipo iye akuti kabokosi kake kali padenga chiikireni, sikadatsitsidwepo. Ndabwereka kale makwerero.