Chimbale chatuluka, zikomo nonse amene munaikapo dzanja

Chimbale choyamba cha mnzathu, chimene wapanga payekha pambuyo pa zaka zambiri zoimbira anzake kumbuyo, tsopano chatuluka. Muli nyimbo 7, zonse pamodzi mphindi 41. Ife amene tinamuthandiza kujambula, kusakaniza mawu ndi kukopera pa makaseti tikufuna kuthokoza poyera, ndi kunena chimene aliyense anachita, poti thandizo lambiri silioneka pachikuto.

Amene simunachimvere, dziwiranitu kuti si nyimbo za pa chinkhoswe. Ndi zamdima, zolemera pachifuwa, zoumbidwa ndi makina. Kulira kumodzi kumatha kukoka mphindi zitatu kusanasinthe, ndipo mawu a munthu ndi ochepa. Pa chimbale chotere ntchito yaikulu ndi kulekanitsa phokoso limene woimba walifuna ndi phokoso limene langolowerera lokha. Ambiri a inu munathandiza pamenepa.

Tiyambe ndi inu bambo a kuchigayo ndi inu achimwene owotcherera zitseko, amene munalola kuti makina anu ajambulidwe. Kugunda kumene kukumveka m'nyimbo yachiwiri ndi yachisanu ndi lamba wa chigayo ndi chitsulo cha pageti. Zinatengedwa ndi contact mic, kachitsulo kozungulira ka piezo kamene amakamata pachinthucho ndi tepi kuti kamve kunjenjemera kwa chitsulo osati mphepo. Kachitsuloka kali ndi vuto limodzi: mukakalumikiza mwachindunji pa line input, polowetsera mawu wamba pa chojambulira, besi yonse imathawa, pamatsala kulira kopyapyala ngati kwa chitini. Kamafuna preamp, kachida kokweza mawu asanalowe m'chojambulira, ya impedance yokwera, kuyambira 1 megohm kupita m'mwamba. Inu bambo munazimitsa ndi kuyatsa chigayo kangapo pamene makasitomala akudikira ndi matumba awo. Zikomo kwambiri.

Amalume a zamagetsi, inu ndiye munapulumutsa chimbalechi. Magetsi a kuno ndi 230 V pa 50 Hz (Hz ndi muyeso wa kunjenjemera pa sekondi, ndipo pa mawu nambala yotsika ndiyo besi), ndipo laputopu, mixer ndi masipika zikalumikizidwa m'masoketi osiyana, pamabadwa kung'ung'udza kwa 50 Hz, pamodzi ndi ana ake pa 100 ndi 150 Hz. Pa nyimbo zina amangokudula ndi notch filter, sefa yochotsa kulira kwa pamalo amodzi okha, n'kupitiriza. Kuno sizikanatheka, chifukwa noti ya G yapansi imalira pa 49 Hz, ndipo nyimbo zitatu zakhazikika pomwepo; mukadula kung'ung'udzako mwadula nyimbo yomwe. Jenereta yaing'ono ndiye imaonjeza vuto, liwiro lake limakwera ndi kutsika, kung'ung'udzako n'kumayendayenda, filter osakupeza. Munatiuza mankhwala ake mwandondomeko: zida zonse zidye pa soketi imodzi, pakati pa laputopu ndi mixer paikidwe DI box yokhala ndi ground lift, kabokosi kodula njira imene kung'ung'udzako kumadzera, mawaya a masipika akhale balanced, amtundu wosatola phokoso, ndipo pojambula chaja ichotsedwe, laputopu iyendere batire. Munakanitsitsa zothyola mwendo wa earth papulagi, ngakhale ambiri amachita zimenezo phokoso n'kutha. Munanena zoona, moyo wa munthu wogwira maikolofoni uli pa mwendo umenewo.

Mayi eni nyumba, chipinda chanu cha kuseri ndicho chinali situdiyo, ndipo simunadandaulepo za mawindo onjenjemera usiku. Chipindacho ndi cha mamita pafupifupi 3.4 m'litali. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye mukawerengera mupeza kuti chipinda chotere chimakuza chokha besi ya pafupi ndi 50 Hz: pakhoma imachuluka, pakati penipeni imasowa. Wosakaniza akakhala pakatipo amaonjezera besi imene ilipo kale, nyimbo n'kukalemera mopyola kwina. Mathireyi a mazira amene ena amamata pakhoma sathandiza pa zimenezi, ndi opyapyala kwambiri. Chimene chinathandiza ndi matilesi anu awiri okhuthala m'makona, kusendeza mpando kuchoka pakati, ndi kutsimikiza chilichonse pa mahedifoni.

Achemwali amene munachita mastering, ntchito yomaliza yosalaza mawu a chimbale chonse, munabweza mafayilo athu kawiri, ndipo munachita bwino. Munafuna WAV ya 24-bit, yopanda limiter, chida chopanikiza mawu okwera, yosiya mpata wa 6 dB pamwamba. Munapeza kuti besi ya nyimbo yachinayi inatambasulidwa kumanja ndi kumanzere, moti ikaseweredwa mu mono, pa sipika imodzi, mbali ziwirizo zimadyana, besi n'kuzimiririka. Chilichonse cha pansi pa 120 Hz munachibweza pakati. Munakumbukiranso kuti anthu ambiri kuno adzamvera pafoni kapena pa kasipika ka Bluetooth, zimene sizitulutsa 49 Hz ngakhale pang'ono, ndiye munathira saturation yochepa, kusasa pang'ono kwa mawu, kuti notiyo ibale ma harmonics, ana ake aja, pa 98 ndi 147 Hz ndi kupitirira apo, khutu lizimva kulemerako ngakhale muzu wake kulibe. Chimene tikuyamikira koposa n'chakuti simunachipanikize chimbalechi kuti chikuwe. Spotify imatsitsa nyimbo zokuwa kufika cha pa -14 LUFS, muyeso wa kukwera kwa mawu, choncho kupanikiza kukanangopha malo achete aja amene amachititsa mantha pachimbalechi, popanda phindu. True peak, nsonga yokwera koposa ya mawu, munaisiya pa -1 dB. Kufwenthera kwa tepi ndi kuthetheka kumene woimba anaikamo dala simunakukhudze, mutafunsa kaye malo ndi malo.

Makaseti 50 anakoperedwa limodzilimodzi pa liwiro lake lenileni, pa C-46, mphindi 23 mbali iliyonse. Ndi chifukwa chake ndondomeko ya nyimbo inasintha pang'ono, kuti mbali A ndi B zikwanirane. Achimwene amene munabwereketsa deck yanu yokopera makaseti, zikomo pophunzitsa anyamata kupukuta mutu wa deck ndi pinch roller, kagudumu kokoka tepi, pogwiritsa ntchito spiriti ya isopropyl pakatha makaseti ochepa alionse. Mutu wakuda umabisa mawu a pamwamba, roller yoterera imachititsa kuti noti yaitali izigwedera, ndipo pa nyimbo zokoka chonchi kugwederako kumamveka msanga. Besi yochuluka imadzaza tepi mofulumira, ndiye master ya kaseti inatsitsidwa payokha.

Za mapepala sizisangalatsa koma zinachitika bwino. Zikomo inu amene munakonza chikuto cha 3000 x 3000 pixels, inu amene munaonetsetsa kuti nyimbo iliyonse ili ndi ISRC yake, nambala yoizindikiritsa padziko lonse, ndi inu amene munatikumbutsa zokalembetsa nyimbozi ku COSOMA. Ng'oma za kudambwe zimene ena anati zikanakometsa sizinalowemo. Zili ndi eni ake, ndipo woimba anagamula bwino.

Anzathu a ku Kampala, kumene makampani a nyimbo a Nyege Nyege Tapes ndi Hakuna Kulala akhala akutulutsa nyimbo zamtunduwu, anaonetsa kale kuti omvera alipo mu Africa muno. Ifenso tawaona. Inu amene munabwera usiku wokhazikitsa chimbale, n'kukhala chete mumdima mphindi zonse 41, ndi inu amene mwagula pa Bandcamp, tsamba logulitsira nyimbo pa intaneti, m'malo mongotumizirana pa WhatsApp, kumene mafayilo opanikizidwa amataya zambiri zimene tafotokozazi, tikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

Kaseti iliyonse ili ndi nambala yolembedwa pamanja. Ngati yanu ikulira mbali imodzi yokha kapena ikugwedera, bwerani nayo kumene munaigula, tikukoperani ina.